Zimene Tsache Linasesa

Belu litalira, Dolika Sakala anali asanakhudzebe kompyuta. Phunziro lonse analithera ataimirira kumbuyo kwa anzake, akusuzumira pamapewa awo, kudikira kuti mpata wake ufike. Utangofika, magetsi anazima. Pamene ankayakanso, nthawi inali itatha. Mayeso a Giredi 9 anali pafupi, ndipo panali pepala lina lofuna kuti wophunzira aliyense akhale yekha pa kompyuta n'kusonyeza zimene akudziwa. Zala za Dolika zinkadziwa singano, mpeni ndi cholembera, koma zikafika pa mabatani zinkauma.

Sukulu yawo, m'tauni ya Chipata, inali ndi makompyuta ochepa akale amene anthu ena akufuna kwabwino anapereka. Ana ndiwo anali ambiri. Choncho Aphunzitsi Daka ankaphunzitsira zambiri pa bolodi. Ankalemba malamulo amene munthu amalamulira nawo kompyuta pa windo lakuda lotchedwa teminolo, ndipo kalasi yonse inkawatchula mokweza pamodzi, monga mmene ankalowezera katekisimu ali aang'ono. Anawo ankadziwa kuti lamulo likayamba ndi liwu lakuti sudo, kompyuta sikana. Ankadziwanso kuti ikafunsa funso lalitali la Chingerezi, yankho lake n'kudina chilembo cha y.

"Ikafunsa?" aphunzitsi ankatero, choko chili m'mwamba.

"Wayi!" kalasi inkayankha, ena akumenya madesiki.

Pa malamulo onsewo panali mizere itatu imene anawo ankaikonda chifukwa inkaimbika bwino. Ankaitcha tsache. Makina a pasukulupo ankavuta kawirikawiri, ndipo akavuta aphunzitsi ankalemba mizere itatuyo, makina n'kuyera, kenaka n'kuikamo zonse mwatsopano. M'makina amenewo munalibe chinthu cha munthu aliyense, motero panalibe amene anafunsapo kuti tsachelo limasesa chiyani.

Pa geti Dolika anakumana ndi Lemmy Mbewe, mnyamata wa m'kalasi mwake amene mkulu wake anali ndi kashopu kotayipira anthu makalata. Lemmy ankayenda ndi fulashi yosungiramo zinthu za pa kompyuta, yomangirira ku khosi ngati mendulo, ndipo pa za makompyuta ankalankhula ngati anabadwira momwemo. Ataona nkhope ya Dolika anaseka, nanena kuti anthu ena adzalowa m'mayeso akufunafuna poyatsira.

"Koma si paja kwanu kuli laputopu, iwe?" anafunsa.

"Ndi ya amayi."

"Nanga akuigwiritsa ntchito?"

Mawuwo atatuluka, Lemmy anayang'ana pansi nakanda dothi ndi nsapato. Dolika anangomangitsa chikwama chake n'kuyamba ulendo wa kunyumba, koma funsolo linamutsatira njira yonse.

Amayi ake, a Magalita, anali atamwalira chaka chapitacho mvula isanagwe. Ankagwira ntchito yotayipa ku ofesi ya parishi, ndipo madzulo ankaphunzitsa kwaya. Laputopuyo anaigula yogwiritsidwa kale ntchito. Pofuna kuti oimba asamasokoneze mawu, ankakhala pakhonde n'kudzijambula akuimba nyimbo iliyonse, kuyambira mawu aang'ono mpaka apakati, kenaka n'kukawamvetsera anthu ku kwaya. Sankafufuta chilichonse. M'zojambulazo munali nyimbo, munali kutsokomola, munali kuseka, munali atate akufunsa chapatali kumene kuli makiyi a njinga. Matenda atakula anapitirizabe kujambula, tsopano nyimbo zogonekera mwana, chifukwa Yosefina, mng'ono wake wa Dolika, anali wamng'ono kwambiri ndipo sankagona popanda kuimbiridwa.

Kwawo kwa a Magalita, ku Chiparamba, banja lawo linali ndi mwambo wakuti katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka chaka chithe, chiliza chivundukulidwe, abale akhale pansi n'kugawana. Maliro atangotha, Amayi aakulu Rozi, mkulu wawo wa malemu, anasonkhanitsa zovala, nsapato, kolona, buku la nyimbo ndi laputopu ija, nazimanga m'chitenje chachikulu chobiriwira. Anamanga mfundo ndi manja awo, naika mtolowo pamwamba pa kabati ya zovala m'chipinda cha atate. Pamenepo ndi pamene unakhala chaka chonse.

Bambo Matiyasi Sakala anali kalaliki pa kampani ina yogula thonje, munthu wosachulutsa mawu. Chimwalirireni akazi awo anali atachepetsanso ochepa omwewo. Komabe panali lonjezo limodzi limene ankalibwereza. Yosefina akafunsa kuti amayi ankalankhula bwanji, iwo ankamuuza kuti tsiku lomasula mtolo adzawamva yekha, akuimba ndiponso akumutchula dzina. Mwanayo anali atayamba kuiwala. Nthawi zina ankaima pakhomo la chipinda cha atate n'kumayang'ana mtolo wobiriwirawo, chala chili m'kamwa.

Dolika anali atapemphapo kamodzi kuti abwereke laputopuyo pokonzekera mayeso. Atate anangoti, "Dikira, sipatenga nthawi." Sanafotokoze zambiri, ndipo iye anachoka akuganiza mumtima kuti akuluakulu amalemekeza mfundo ya nsalu kuposa tsogolo la mwana wamoyo.

Sabata imeneyo atate ankachoka m'mamawa kupita ku Kasenengwa kukagawa mbewu kwa alimi, ndipo ankabwera dzuwa litalowa. Yosefina ankakhala kwa aneba mpaka madzulo. Tsiku lachitatu Dolika anakwera pampando, natsitsa mtolo uja. Anaiyang'anitsitsa mfundoyo kuti adzathe kuibwezera, kenaka anaimasula. Fungo la sopo wa amayi linatuluka m'zovalazo, ndipo anakhala kaye pansi pang'ono asanapitirize. Atayatsa laputopuyo, pa sikirini panabwera chithunzi cha amayi atanyamula Yosefina pa tsiku la ubatizo. Pansi pake panali kabokosi kofuna pasiwedi. Anayesa dzina lake, la Yosefina, la atate, ngakhale la parishi. Zonse zinakana.

M'mawa mwake anamufotokozera Lemmy. Mnyamatayo, pofuna kukonza zimene analankhula pa geti zija, anavula fulashi yake ku khosi namupatsa. Anati mmenemo muli pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, yofanana ndi ya kusukulu, ndipo ikaikidwa sipafunikanso pasiwedi ya munthu wina. Dolika anafunsa ngati zimenezo sizikhudza za amayi ake. Lemmy anayankha kuti ayi, yatsopano ndi yakale zimakhala moyandikana ngati mabanja awiri ochita lendi m'nyumba imodzi, aliyense chipinda chake, ndipo poyatsa kompyuta imafunsa kuti ukufuna kulowa kuti.

Masana a tsikulo kunatentha kwambiri, malata akulira okha padenga. Dolika anatseka chitseko, naika laputopu pa bedi, nalowetsa fulashi. Poyamba zonse zinayenda monga Lemmy ananenera. Anasankha chinenero, anasankha dziko, mzere wofiirira unayamba kukwawa pa sikirini. Kenaka unaima. Kunabwera uthenga wakuti ntchitoyo singapitirire. Anayambiranso, ndipo unaima pomwepo. Atayesa kachitatu, thukuta linali likutsikira kumsana.

Anatenga kafoni ka m'nyumba n'kumuimbira Lemmy. Kumene anali kunkamveka phokoso la mpira ndi anyamata akukuwizana.

"Yaima pakati," anatero Dolika. "Ikukamba za malo."

"Ndiye kuti mwadzaza zinyalala. Tsegula teminolo, sesa kaye."

"Nanga za amayi?"

"Iwenso. Tsache limachotsa zinyalala basi. Unaonapo kompyuta ya kusukulu itafa nalo? Aphunzitsi amasesa sabata iliyonse. Ndikusiye, tikumenya penati."

Dolika anatsegula windo lakuda. Kamzere koyera kankaphethira pakona, kakudikira. Kwa nthawi yoyamba zala zake sizinaume, pakuti mizere itatuyo anali ataiimba chaka chonse. Analemba woyamba, nadina. Analemba wachiwiri. Atalemba wachitatu, kompyuta inamufunsa funso. Linali lalitali, lodzaza mizere ingapo, ndipo pakati pake panali mawu ena olembedwa ndi zilembo zazikulu. Chingerezi ankachidziwa bwino, m'kalasi ankakhoza. Koma maso ake analumphira kumapeto, kumene kunali y ndi n, ndipo m'mutu mwake munamveka mawu a kalasi yonse ndi madesiki akumenyedwa. Anadina y.

Panalibe phokoso lililonse. Manambala anathamanga pang'ono, kamzere koyera kanabwereranso n'kumaphethira ngati kale. Atayambiranso ntchito ija, mzere wofiirira unakwawa mpaka kumapeto osaima.

Masiku otsatirawo anali okoma. Akaweruka kusukulu ankathamangira kunyumba, kutsitsa mtolo, kumasula mfundo. Anaphunzira kutayipa osayang'ana zala. Anapanga matebulo a manambala, analemba makalata ongoyeserera, anasunga chilichonse kuti aone mmene akupitira patsogolo. Lemmy anamuikira pa fulashi mafilimu ndi nyimbo zambiri, iye n'kuzikopera zonse m'laputopumo mpaka inatsala pang'ono kudzaza. Kusukulu mpata wake utafika, anamaliza ntchito anzake asanafike pakati, ndipo Aphunzitsi Daka anauza kalasi kuti imuombere m'manja. Dzuwa likapendeka ankabwezera zonse m'chitenje, n'kumanga mfundo mmene ankaikumbukira. Za chipinda china chija sankaziganizira. Ankangoti chilipo, chotseka, chikudikira atate ndi pasiwedi yawo.

Tsiku lina pa chakudya chamadzulo atate analengeza kuti chiliza chatha kumangidwa, ndipo Loweruka la sabata yamawa onse adzapita ku Chiparamba. Yosefina anasiya kudya. Anafunsa ngati amayi adzaimba nyimbo ija ya kambalame, ndipo atate anati adzaimba zonse, iye adzasankha yekha yoyambira. Mwanayo anatsika pampando n'kuyamba kuzungulira tebulo. Dolika anamuyang'ana, ndipo pamenepo ndi pamene anakumbukira chinthu chimodzi. Lemmy anati poyatsa kompyuta idzafunsa kuti ukufuna kulowa kuti. Masiku onsewa inali isanamufunsepo.

Mawa lake masana sanatayipe kanthu. Anatsegula foda iliyonse imene anaiona. Anatsegula windo lakuda n'kulemba lamulo losonyeza zimene zili m'makina. Linamusonyeza makalata ake ongoyeserera, matebulo ake ndi mafilimu a Lemmy. Anazimitsa, anayatsanso, akudina mabatani osiyanasiyana kuti mwina chithunzi cha ubatizo chibwere. Sichinabwere.

Atamuuza Lemmy, mnyamatayo anayamba ndi kuseka, akuti akazi sadziwa kufunafuna. Atamva kuti kompyuta sifunsa kanthu poyatsa, kuseka kunatha. Anati iye anangonena zimene kalasi yonse imadziwa, ndipo amene anadina batani si iye. Kenaka, ndi mawu otsika, anamuuza za munthu wina wokonza makompyuta ku msika wa Kapata, dzina lake Gabrieli.

Dolika anakulunga laputopu mu juzi ya sukulu n'kuyenda wapansi mpaka kumsikako. Kashopu ka a Gabrieli kanali pakati pa ogulitsa zovala za salaula ndi wowotcherera mapoto, kodzaza mafoni otsegula mimba ndi zingwe zolendewera. Iwo anamvetsera nkhani yonse osamudula. Anamuuza kuti atchule mizere itatu ija, ndipo iye anaitchula mosaphonya, ndi kamvekedwe ka m'kalasi komwe. A Gabrieli sanaseke. Anafunsa ngati mawuwo anakoperedwapo kwina. Dolika anati ayi, atate anaganiza zokopera mtolo utamangidwa kale. Anafunsanso kuti chisesereni waigwiritsa ntchito motani. Iye anawauza za makalata ndi mafilimu.

"Mwana wanga," anatero a Gabrieli akupukuta magalasi, "tsache lakolo silinachotse mawu tsiku lomwelo. Linangozula zikhomo zosonyeza kuti ichi chili apa, icho chili apo. Ukanazimitsa nthawi yomweyo n'kubwera nayo kuno, zambiri tikanazitola. Koma iwe unalima pamwamba pake, n'kudzala zako."

"Ndiye palibe, ankolo?"

"Tiyese. Usayembekezere zambiri."

Analowetsa fulashi yawo, natsegula windo lakuda lomwe lija. Zilembo zoyera zinayamba kutsika ngati nyerere. Dolika anaona kuti kompyuta ikafunsa funso, a Gabrieli ankaima, n'kuwerenga chala chikutsata mzere, milomo ikugwedera, asanadine kanthu. Dolika anakhala pa benchi mpaka mithunzi ya mashopu inatalika. Zimene zinapezeka zinali zochepa: makalata angapo a parishi oduka mitu, zithunzi zimene theka lake linali lotuwa ngati phulusa, ndi kachidutswa kamodzi ka mawu. A Gabrieli anamupatsa zomvetsera za m'makutu. Dolika anamvetsera kamodzi, nazivula msanga. Anapempha kuti amuikire kachidutswako pa laputopu pomwepo.

Masiku amene anatsala anafuna kuwauza atate. Kawiri konse anaima pakhomo la chipinda chawo, n'kuwapeza akusita malaya oyera amene ankavala pa Misa zikuluzikulu, akung'ung'udza nyimbo ina ya kwaya chapansipansi. Anali asanawamvepo akuimba chimwalirireni amayi. Anabwerera osanena kanthu.

Loweruka ku Chiparamba kunasonkhana anthu ambiri, abale, a kwaya ochokera m'tauni ndi a m'mudzi momwemo. Misa itatha anapita kumanda, wansembe anawaza madzi odalitsa, ndipo nsalu yoyera inachotsedwa pa chiliza. Atabwerako, abale okha anakhala pa mphasa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya Amalume Andireya, mlongo wawo wa malemu. Mtolo wobiriwira unaikidwa pakati.

Amayi aakulu Rozi anagwada kuti amasule. Anaigwira mfundoyo, naitembenuza.

"Mfundo iyi si yanga," anatero, osakweza mawu.

Atate anayang'ana mfundoyo, kenaka anayang'ana Dolika, n'kubweza maso. Amayi aakulu anamasula. Zitenje zinapita kwa azing'ono awo a malemu, nsapato kwa msuweni wina amene phazi lake linali lofanana, buku la nyimbo kwa amene anatenga udindo wophunzitsa kwaya. Kolona anaiveka Yosefina m'khosi, ndipo inamufika m'mawondo. Potsiriza panatsala laputopu.

Amalume Andireya anakonza kukhosi. Anati pa chinthu ichi panalibe zokambirana, chifukwa malemu ananeneratu ali m'chipatala, alamu awo a Sakala ali pomwepo. Anati makinawo ndi a Dolika, amuthandize pa sukulu, ndipo mawu amene ali m'katimo awasunge iye monga mwana wamkulu, azimumvetsera mng'ono wake mpaka atakula. Anaitenga ndi manja awiri naiika pamiyendo pa Dolika.

"Tenga, mwana wanga. Inali yako kuyambira kale."

Atate anasendera pafupi, nanena kuti pasiwedi ailemba okha koyamba, kenaka amuuza. A kwaya amene anali chapatali anayamba kuyandikira. Yosefina anadzipanikiza pakati pa atate ndi mkulu wake, kolona ili m'manja. Atate anatsegula chivundikiro, nadina batani. Anadikira chithunzi cha ubatizo. Pa sikirini panabwera mtundu wofiirira wopanda munthu, ndi dzina limodzi pakati: Dolika.

Zala za atate zinakhala m'malere pamwamba pa mabatani. Dolika anaika laputopuyo pa mphasa, nagwada. Anafotokoza zonse maso ali pansi, kuyambira pa mpando umene anakwerapo mpaka kwa a Gabrieli. Dzina la Lemmy sanalitchule. Mawu ake ankamveka ngati a munthu wina. Atamaliza, kunkangomveka nkhuku zikupalasa masamba ouma. Mayi wina wa kwaya anayamba kulira chapansipansi, mnzake n'kumugwira dzanja kupita naye kutsogolo kwa nyumba. Amayi aakulu Rozi anapinda chitenje chobiriwira chija mosamala, kupinda ndi kupindanso mpaka chinachepa ngati mpango.

Yosefina yekha ndiye sanamve tanthauzo lake. Anakoka malaya a atate nati akufuna ija ya kambalame. Anakokanso, mawu akuyamba kunjenjemera. Pamenepo Dolika ananena kuti pali kachidutswa kamodzi kamene kanapulumuka. Atate anagwedeza mutu pang'ono, ndipo iye anakatsegula.

Kunamveka kaphokoso ka mphepo, kenaka mawu a amayi, apafupi ngati akhala nawo pa mphasa pomwepo. Anali pakati pa liwu la nyimbo, koma nthawi yomweyo analeka.

"Yosefina, siya chingwecho. Iwe mwana, ndati siya."

Kunayamba kuseka, ndipo kusekako kunadukira pakati.

Yosefina anabisa manja kumbuyo. Anayang'ana laputopu, anayang'ana atate. Anapempha kuti abwereze, ndipo Dolika anabwereza. Anapemphanso. Atamvetsera kachitatu anafunsa ndi mawu aang'ono, "Amayi akwiya nane?"

Atate anamunyamula n'kumuika pamiyendo. Anamuuza kuti ayi, amvetsere bwino kumapetoko, amayi akuseka. Mwanayo anati kusekako n'kochepa. Atate anavomera kuti n'kochepadi.

Palibe amene anamukalipira Dolika tsiku limenelo, ndipo iye ankalakalaka wina atamukalipira. Pobwerera anakwera minibasi yodzaza matumba a mtedza. Yosefina anagona pachifuwa cha atate. Dolika anakhala pambali pawo, laputopu ili pamiyendo, yolemera ngati mwala wa mphero. Anadutsa minda yotenthedwa yodikira mvula, mpaka mapiri a Chipata anayamba kuoneka. Apo ndi pamene atate analankhula, maso ali pa windo.

"Isanafufute, inakufunsa?"

"Inandifunsa, atate."

"Unawerenga?"

"Ayi."

Minibasi inalowa mumsewu waukulu.

"Inenso unandifunsa," anatero atate. "Ndikanakuuza kuti ndi yako, ukanadikira. Ndinangoti dikira."

Malaya oyera aja atawavula madzulo amenewo anawapachika kumbuyo kwenikweni kwa kabati.

Lolemba, makina awiri a kusukulu anavutanso. Aphunzitsi Daka anatenga choko nalemba mizere itatu ija pa bolodi, kalasi n'kuyamba kuiimba. Lemmy, amene ankatsogolera nthawi zonse, anangoyang'ana desiki. Aphunzitsi anakweza choko.

"Ikafunsa?"

"Wayi!"

Phokoso litatsika, dzanja limodzi linali m'mwamba. Aphunzitsi anadabwa, chifukwa pamenepa panalibe amene ankafunsapo kanthu.

"Aphunzitsi," anatero Dolika ataimirira, "imakhala ikufunsa chiyani?"

Ena anaseka. Wina kumbuyo anati katswiri wa dzana uja waiwala kale. Dolika sanakhale pansi. Aphunzitsi Daka anamuyang'ana, nayang'ana mizere yawo pa bolodi, ndipo kuseka kunazilala kokha. Anaika choko patebulo, nauza kalasi yonse kuti isendere pafupi ndi kompyuta imodzi, aliyense aone, ndipo Dolika awerenge funsolo mokweza kuyambira liwu loyamba.

Anawerenga. Linali Chingerezi chosavuta, chimene mwana wa Giredi 5 akanachimva. Linkanena kuti zonse zimene zili m'makinawo zidzafufutidwa, ndipo linkafunsa ngati munthuyo akutsimikizadi.

Madzulo a tsikulo anapeza Yosefina atakhala pakhonde pamene amayi ankakhala. Laputopu inali patebulo m'nyumba, chingwe chake chikulendewera, ndipo mwanayo polowa ndi potuluka ankachilambalala patali, manja ali kumbuyo. Dolika anakhala pambali pake n'kuyamba kuimba ija ya kambalame. Ndime yoyamba anaitha. Pa yachiwiri mawu anamuthawa, ndipo anangong'ung'udza chuni, akuyembekeza kuti abwera okha.

"Si mmene amayi ankaimbira," anatero Yosefina.

"Ankaimba bwanji?"

Mwanayo anatsegula pakamwa, naganiza nthawi yaitali, kenaka anatseka.